Ndinkawachenjeza Chilombo Chisanatuluke

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, pamene azakhali anga, a Nabanda, anabwera kwathu panjinga kudzandipempha kwa mayi. Inali holide ya mwezi wa Ogasiti. Chimanga chinali m'nkhokwe, mtedza titaswa kale, ndipo anthu anali ndi mpata wopuma. Azakhaliwo anali ndi nyumba yoonetsera mafilimu pamsika wa kwathu ku Chiosya, imene aliyense ankangoitchula kuti kuvidiyo.

Vuto lawo linali lakuti munthu wina wochita malonda a m'malire anawabweretsera zimbale zatsopano za mafilimu kuchokera ku Chipata, koma zonse zinali za Chingerezi chokhachokha, zopanda mawu a Chichewa amene anthu anazolowera. Mafilimu omenyana sankavuta, pakuti chibakera aliyense amachimva. Koma pamuluwo panali mafilimu awiri oopsa, olankhula kwambiri, ndipo anthu ankawafuna. Azakhali ankasowa munthu woti azikhala pambali pa TV n'kumamasulira.

"Mwana wa achimwene angayu Chingerezi amachita kumwa ngati thobwa," anatero kwa mayi, ine nditagwada pambali. "Ndawauza kale anthu kumsika. Loweruka akuyamba."

Mayi anandiyang'ana modabwa, ndipo sindikanawaimba mlandu. Ndinali mwana wamanyazi kwambiri. M'kalasi mayankho ndinkawadziwa, koma dzanja langa linkangofika pakhutu n'kubwerera. Mlendo akandifunsa dzina ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakuphazi. Komabe tsiku limenelo mtima unandiuza kuti ndivomere. Aka kanali koyamba kuti munthu wamkulu andifune ine, Tiyamike, pa ntchito imene si yotunga madzi kapena kutsuka mbale. Ndinalonjeza mumtima kuti azakhali sindiwachititsa manyazi.

Nyumba ya vidiyoyo inali ya njerwa zowotcha, yofolera ndi malata. Mawindo anatsekedwa ndi ziguduli zomangira fodya pamodzi ndi mapulasitiki akuda, moti ngakhale masanasana mkatimo munali mdima. Munkamveka fungo la thukuta, mtedza wokazinga ndi utsi wa jenereta imene inkalira kuseri. Dzuwa likatentha malata ankachita kuthetheka. Panali mabenchi asanu ndi limodzi a matabwa, ndipo kutsogolo, pafupi ndi TV, azakhali anandiikira kampando kanga.

Popeza ndinali munthu wosamala, filimu yoyambayo ndinaionera katatu tsikulo lisanafike, ndikulemba mawu ovuta m'kope langa la kusukulu. Inali nkhani ya mayi wina amene anasamukira m'nyumba yakale ndi mwana wake. M'nyumbamo munali chitseko chotsikira ku chipinda cha pansi pa nthaka, ndipo kuseri kwake kunkamveka kugogoda. Ulendo woyamba kuionera ndinakuwa mpaka cholembera chinagwa. Mtima unagunda ngati ndathamanga kuchokera kudambo.

Apo m'pamene ndinaganiza zimene ndinkaona ngati nzeru. Kwathu tinaleredwa kuti munthu wamkulu sadzidzimutsidwa. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinafika mwakachetechete kumbuyo kwa bambo akunola chikwanje, iwo n'kudzicheka chala. Mayi anandikoka khutu n'kundiuza kuti ukamayandikira wamkulu uzikhosomola, uzinena odi, azidziwa kuti kukubwera munthu. Ndiye ndinadzifunsa kuti, ngati ine mwana ndavutika chonchi, nanga azibambo ndi azimayi amene adzadzaza mabenchiwa? Ndingawasiye bwanji adzidzimuke ine ndikudziwa zonse?

Loweruka cha m'ma thu koloko nyumba inadzaza. Munali anyamata a kabaza, azimayi ogulitsa tomato, ana asukulu atakhala pansi kutsogolo, ndiponso matenanti a kuesiteti ya fodya amene anali atamaliza ntchito ya chakacho. Pakati pa matenantiwo panali Bambo Makwinja, munthu wa ku Thyolo, wamtali ndi wojintcha, wa mawu ngati ng'oma. Anakhala kumapeto kwa benchi yoyamba, pafupi ndi ine, n'kulengeza kuti iwo anabadwa opanda mantha ndipo angobwera kudzaperekeza anzawo.

Poyamba zinayenda bwino. Nditamasulira kuti wogulitsa nyumbayo akuti ndi yotchipa chifukwa palibe amene amakhalitsamo, mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Yotchipa? Nyamulani katundu muzipita, mayi!" Anthu anaseka, ine ndinamva kukoma.

Kenako inafika nthawi imene mayi wa m'filimu uja anatenga tochi n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kupita kuchitseko. Nyimbo inatsika, m'nyumba monse munati zii. Ine ndinaimirira, ndinapinda maondo pang'ono mwaulemu, n'kunena momveka bwino.

"Pepani nonse, musadzidzimuke. Akatsegula chitsekocho mutuluka mphaka chabe. Koma akatembenuka, kumbuyo kwake kuli chinthu choyera kumaso. Amene muli ndi ana aphimbeni m'maso."

Chitseko chinatseguka, mphaka anatuluka. Wina anati, "Ndi mphakadi." Mayi uja anatembenuka, chinthu chija chinaonekera, sipika inaphulika ndi phokoso. Anthu anangochiyang'ana ngati mbuzi ya pamsika imene sakufuna kugula.

"Ndiye chimenechi?" anafunsa Bambo Makwinja. "Ameneyu wangochokera kuchigayo, sanasambe kumaso."

Nyumba yonse inafa ndi phwete. Ine ndinaganiza kuti ndagwira ntchito yabwino, poti palibe amene anakuwa ndipo palibe mwana amene analira. Ndinapitiriza choncho. Paliponse pamene nyimbo yatsika, ine ndinkaimirira n'kuchenjeza. Anthu anayamba kuyasamula. Ena anayamba kucheza za mtengo wa feteleza. Anyamata awiri a kabaza anatuluka.

"Achemwali," anatero Bambo Makwinja, "bwanji mungotiuza mathero ake tizipita, dzuwa likadalipo?"

Sindinadziwe kuti akundiseka. Munthu wamkulu anali atafunsa funso, ndipo yankho ndinali nalo. Ndinafotokoza bwinobwino kuti mayiyo apulumuka, mwanayonso apulumuka, nyumbayo ipsa, ndipo mphaka uja sapezekanso. Anthu anaombera m'manja monyoza, anadzuka, n'kumatuluka mmodzimmodzi. Filimu inatha titangotsala azakhali, ine, ndi mkulu wina amene anali atagona.

Azakhali anazimitsa jenereta, anabwera, anakhala pabenchi n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, akudzipukuta ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinalira zenizeni. Atamaliza kuseka ananditchula dzina n'kundiuza mosabisa kuti Loweruka lotsatira aonetsa filimu yachiwiri ija, ndipo umenewo ndi mwayi wanga womaliza. Ndikadzaiphanso ngati yoyamba ija, kampando kaja adzapatsa Yohane, mnyamata wa Fomu 2 amene ankakafuna kuyambira kale.

Sabata imeneyo ndinkaopa kudutsa pamsika. Ana ankanditsatira akunena ndi mawu aang'ono kuti, "Pepani nonse, musadzidzimuke!" Ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa, pondipatsa chitumbuwa, anati, "Pepani, musadzidzimuke, mkatimo muli nthochi."

Lolemba m'mawa azakhali anandiitana kuvidiyo. Iwo sukulu analekera Sitandade 3 ndipo Chingerezi sankachimva, koma anandiuza kuti mafilimu amawadziwa kuposa ine. Iwo ankakhala pakhomo, kumbuyo kwa anthu onse, choncho filimu sankaionera pa TV. Ankaionera pamisana ya anthu. Ankadziwa pamene mapewa akwera, pamene makosi alowa mkati, pamene dzanja lasiya kutola mtedza.

Analiza jenereta n'kuika filimu yomwe ndinaipha ija, pamalo a chitseko paja, koma anazimitsa sipika. Tinaona mayi akuyenda ndi tochi m'khonde. Popanda mawu ankangooneka ngati munthu amene akufuna nsapato yotayika. Chinthu choyera chija chitatuluka, nanenso ndinaona kuti ndi munthu wodzola ufa.

Kenako anabweza filimuyo, anayatsa sipika, koma TV anaiphimba ndi chitenje. Tinakhala mumdima tikumvera. Panamveka phazi limodzi, kenako lina. Thabwa linalira. Pansi pa zonsezo panali kamawu kena kotsika kwambiri, kamene sunkakamva ndi makutu okha koma m'mimba. Kenako zonse zinasiya, kunangotsala kupuma kwa mayi uja. Ine amene ndinaionera filimuyo kanayi ndinapezeka ndagwira mkono wa azakhali, thupi lonse lili tsemwe.

"Waona chiyani?" anandifunsa.

"Palibe, azakhali. Chitenje chokha."

"Nanga ukundifinyiranji mkono?"

Anandifunsanso ngati ndikukumbukira tsiku limene azaumoyo anabwera kusukulu kudzatibaya katemera. Ndinati ndikukumbukira. Anandifunsa kuti jakisoniyo inapweteka liti. Nditaganiza ndinapeza kuti kubaya kwenikweniko kunali ngati kulumidwa ndi nyerere. Chimene chinatizunza chinali mzere, kuona anzathu akulowa mmodzimmodzi, kumva wina akulira mkati, osadziwa kuti dzina lako liitanidwa liti.

"Anthu aja amabwerera mzerewo," anatero azakhali. "Iwe unawalanda mzere n'kuwasiyira kansingano."

Tinaonera filimu yonse tikuwerenga kuti chinthu chija chikuoneka kangati. Ndinadabwa kupeza kuti chinkaoneka kanayi kokha, ndipo paliponse mwachidule ngati kuphethira. Nthawi ina yonse tinkangoona zitseko, mithunzi, ndi nkhope za anthu akumvetsera. Chilombo chenicheni aliyense ankadzipangira yekha m'mutu mwake, ndipo chimene munthu wadzipangira yekha chimamudziwa pomuluma. Anandionetsanso chifukwa chake mphaka amabwera poyamba. Munthu akadzidzimuka ndi mphaka amaseka, mapewa amatsika, amati basi zatha. Choopsa chenicheni chimadikira kuti useke kaye.

Ndinafunsa ngati ndiye kuti ndizingokhala chete osanena kanthu. Anati ayi. Anthu uyenera kuwauza kuti ngozi ilipo, apo ayi alibe choti aope. Chimene suwauza ndi nthawi yake ndi kumene itulukire. Ndipo nyimbo ikasiya, womasulira nayenso asiye.

"Kukhala chete ndiye umakutha kale," anatero akundigwira tsaya. "Zaka zonsezi takhala tikukukalipira chifukwa cha zimenezo. Loweruka ukatigwirire nazo ntchito."

Filimu yachiwiri inali ya atsikana awiri apachibale amene galimoto yawo inafera pafupi ndi famu yosiyidwa. Pafamupo panali chitsime chakuya cha chingwe ndi ndowa, chofanana ndi zitsime zakwathu. Ndinaionera kawiri, ndipo ulendo uno m'kope langa sindinalembe mawu ovuta okha. Ndinaikanso timitanda posonyeza malo oti nditseke pakamwa.

Loweruka anthu anabwera ambiri kuposa poyamba. Ndikukhulupirira kuti ambiri anabwera kudzandiseka ine. Yohane analiponso, ataima kukhoma, manja atapinda pachifuwa. Bambo Makwinja anakhala pamalo awo omwe aja, ndipo kumapeto ena a benchiyo kunakhala anyamata atatu a kabaza.

"Achemwali, lero mutiuza mathero tisanakhale pansi, kapena tidikire pang'ono?"

Anthu anaseka. Ine ndinayang'ana pansi n'kukhala pakampando kanga.

Chakumayambiriro kwa filimuyo, mkulu wina wa m'deralo anakumana ndi mtsikana wamkulu pamsewu n'kumuuza zinazake motsitsa mawu. Nanenso ndinatsitsa mawu, moti a kumbuyo anachita kuweramira kutsogolo. Ndinati, "Akuti madziwo mutha kumwa. Koma ukamva dzina lako likuitanidwa kuchokera m'chitsimemo, usayankhe." Sindinawonjezere kanthu. Ndinamva benchi ina ikulira, munthu akukhala bwino.

Mtsikana wamng'ono sanamve nawo chenjezolo, pakuti anali atatsala kugalimoto. Anthu onse m'nyumbamo ankadziwa, iye yekha ndiye sankadziwa. Atatenga ndowa n'kumapita kuchitsime akuimba kanyimbo, azimayi anayamba kumulankhula ngati mwana wawo.

"Bwerera iwe!"

"Mkulu wakoyo ndi wopusa, bwanji sanakuuze?"

Kenako kuchokera pansi pachitsime panamveka mawu ofewa akuitana dzina lake. Nyumba yonse inakuwa pamodzi kuti, "Usayankhe!" Mtsikanayo anasuzumira n'kuyankha.

Nyimbo inasiya. Iye anayamba kukoka chingwe, ndipo chinkaoneka cholemera. Pa TV sankationetsa za m'chitsime. Ankangotionetsa manja ake ndi chingwe chonyowa chikukwera pang'onopang'ono. M'nyumbamo munangotsala kulira kwa jenereta kuseri ndi kuthetheka kwa malata. Ndinaona dzanja la mayi wina litaima m'mwamba ndi mtedza umene sunafike pakamwa.

Apo Bambo Makwinja anaweramira kwa ine n'kunong'ona, ndipo ulendo uno sankaseka.

"Achemwali, muli chiyani m'menemo?"

Pa zonse za tsikulo, apa ndiye panandivuta. Munthu wa msinkhu wa bambo anga anali atandifunsa mwaulemu, yankho ndili nalo pamlomo. Chilichonse chimene ndinaphunzitsidwa kwathu chinkandikankha kuti ndinene. Ndinakanikiza zikhadabo m'manja, ndinayang'ana zala zanga zakuphazi, n'kuyankha motsitsa.

"Dikirani, bambo."

"Iwe, tangondiuza ine ndekha."

Ndinapukusa mutu.

Ndowa inafika pamwamba. Munali madzi ndi chule mmodzi, amene anadumpha n'kugwera paphazi la mtsikanayo. Anthu anakuwa pang'ono, kenako anaseka kwambiri. Mtsikana wa m'filimu nayenso anaseka n'kutsamira pamphepete pa chitsime. Bambo Makwinja anapumira m'mwamba, anatembenukira kwa anzawo n'kuyamba kunena kuti, "Ine ndinadziwa kale kuti ndi chu—"

Dzanja lakuda ndi matope linatuluka m'chitsime n'kugwira mtsikanayo pakhosi, sipika n'kuphulika.

Sindinaonepo munthu wamkulu thupi choncho akudumpha ngati mmene anadumphira Bambo Makwinja. Atangonyamuka, benchi inapepuka mbali yawo n'kutukuka, anyamata atatu a kabaza aja n'kukhuthukira pansi ngati matumba a chimanga. Mtedza unamwazika. Wina anaitana mayi ake, wina anaitana Yesu. Kuwala kunalowa mwadzidzidzi, ndipo titacheuka tinaona Bambo Makwinja ali pakhomo, chiguduli chotchinga khomo chili m'manja mwawo, nsapato imodzi itatsala pansi pa TV.

Kunali kuseka kumene sindidzakuiwala. Anthu ankagwirana mapewa, ena atagwada, ena akutsanzira mmene mkuluyo anadumphira. Azakhali anaimitsa filimu kuti anthu apume. Bambo Makwinja anati iwo sanathawe, amangopita kukaona ngati njinga yawo ili bwino panja, ndipo wina anawakumbutsa kuti anabwera wapansi. Kenako onse anakuwa kuti filimu ipitirire. Palibe amene anatuluka mpaka kumapeto, ndipo palibe amene anandifunsanso mathero.

Filimu itatha ndinatola nsapato ija, ndinapita pamene anaima n'kugwada. Mtima unkandiuzabe kuti ndalakwira munthu wamkulu.

"Pepani, bambo. Ndinakudzidzimutsani."

"Pepani ya chiyani?" anatero akulandira nsapatoyo. "Dzuka, mwana iwe. Chaka chonse ndakhala ndikuwerama m'fodya, mtima sunagundepo chonchi. Ndimayesa unauma." Anatembenukira kwa azakhali. "Mayi, mwanayu ndi woipa mtima. Musamuchotse."

Azakhali sanandiyamikire ndi mawu ambiri. Anangondiuza kuti kampandoko ndikalowetse mkati kangabedwe, ndipo Loweruka ndidzafike msanga. Yohane anadzandipempha kuti ndimubwereke kope langa aone timitanda tija. Ndinamasulira kuvidiyoko maholide onse mpaka pamene ndinasankhidwa kupita kusekondale.

Kwa nthawi yaitali ndinkadabwa kuti anthu amafuniranji kuopsezedwa. Pano ndikuganiza kuti ndikumvetsa. Anthu amene ankadzaza mabenchi aja mantha ankawadziwa bwino kuposa wopanga filimu aliyense. Ankaopa mvula ikachedwa, ankaopa fodya akabwezedwa kumsika, ankaopa mwana akatentha thupi. Mantha amenewo munthu amawasenza yekha, ndipo sadziwa tsiku limene adzathe. A kuvidiyo anali ena. Unkawamva uli pakati pa anzako, phewa kukhudza phewa, ndipo pakatha maola awiri khomo linkatseguka, n'kupeza dzuwa likuwala, azimayi akugulitsa tomato, iwe uli wamoyo ndiponso ukuseka.

Ine ndinkayesa kuti kukomera munthu mtima ndi kumuchotsera chilichonse chomugunditsa mtima, ndiponso kuti ulemu ndi kuyankha funso lililonse pompopompo. Ndikadali wamanyazi mpaka lero, ndipo ndimakondabe kuti anthu asangalale nane. Koma ndinaphunzira kuyamba ndafunsa chimene munthu wabwerera ndisanathamangire kumuthandiza. Nthawi zina wabwerera yankho. Nthawi zina wabwerera kudikirako, ndipo chabwino chimene ndingamuchitire ndi kukhala naye pafupi, nditatseka pakamwa, mpaka ndowa ifike pamwamba.